Chemo pamodzi ndi immunotherapy, sizikulimbana zimenezi?

mwana_wachisamba:
Abale ndithandizeni maganizo. Bambo anga anawapeza ndi khansa ya m'mapapo ndiye adokotala akuti aziwapatsa pembrolizumab wa immunotherapy, uja amati Keytruda, koma pamodzi ndi chemo ya pemetrexed ndi carboplatin, dripu pakatha milungu 3 iliyonse. Ine mutu wanga waima. Immunotherapy si imadalira chitetezo cha m'thupi? Nanga chemo si yomweyo imagwetsa asilikali a m'thupi munthu mpaka kumangodwaladwala? Ndiye uphe asilikali kenako uziti menyani nkhondo? Dzulo ndinafuna kufunsa koma pakamwa panangouma, ndinangoti chabwino adokotala.

nesi_wausiku:
Pepani achemwali ndi matendawa. Pembrolizumab sapha khansa yekha ayi, amangomasula buleki. Ma T cell, omwe ndi ena mwa asilikali a m'thupiwo, ali ndi kabuleki kotchedwa PD-1 ndipo khansa imakaponda ndi PD-L1, kapuloteni ka pamwamba pa maselo ake, kuti asaigwire. Koma chotupa china chimangokhala phee, asilikali sakuchidziwa n'komwe, ndiye olo umasule buleki alowera kuti? Chemo ikaphwanya maselo a khansa zam'kati mwake zimatayikira poyera, chitetezo n'kununkhiza kuti apa pali mdani. Maselo oyera amatsikadi koma amadzukanso, n'chifukwa chake amayamba ayeza magazi asanaike dripu iliyonse. Kafukufuku wa KEYNOTE-189 wa 2018 anaonetsa kuti olandira zonse ziwiri amakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo kuposa a chemo yokha.

wokayika_uja:
Anesi mwafotokoza bwino koma kafukufuku ameneyo anayerekeza ndi chemo yokha, osati ndi pembrolizumab yekha, ndiye sitinganene kuti chemo ndi imene inapatsa mphamvu mnzakeyo, mwina aliyense amangomenya mbali yake. Achemwali kafunseni PD-L1 ya bambo ili pa bwanji, ikapezeka pa 50% ya maselo a khansayo kapena kuposa ena amangowapatsa pembrolizumab yekha.

nesi_wausiku:
Apo mwandigwira. Komabe mankhwala othandizana alipo, cyclophosphamide wa dozi yochepa amachepetsa ma Treg, maselo aja amaletsa anzawo kumenya. Bevacizumab naye amawongola mitsempha yokhotakhota ya m'chotupa kuti ma T cell apeze njira, ku America anamuvomereza mu 2020 pamodzi ndi atezolizumab, immunotherapy inanso, pa khansa ya m'chiwindi.

mlamu_wa_odwala:
Ine za maselozo sindilowerera, langa ndi chenjezo basi. Alamu anga ali pa chemo ndi immunotherapy atayamba kutsegula m'mimba tonse tinati ndi chemo imeneyo zitha zokha, masiku 4 tikungowapatsa madzi, osadziwa kuti chinali chitetezo chawo chomwe chikuwononga matumbo ndipo anawagoneka n'kuwapatsa ma steroid. Bambo akatsegula m'mimba, akabanika kapena chifuwa chikasintha imbani kuchipatala tsiku lomwelo musadikire deti.

mwana_wachisamba:
Zikomo nonse, za PD-L1 ndalemba kuseri kwa kadi lawo kuti Lachiwiri ndisaiwalenso. Nanga chithokomiro amayeza kangati? Pa fomu ndaona alembapo TSH.