Chitukuko cha kwathu: nkhani ya sukulu ya mkombaphala

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Thandizo la sukulu ya mkombaphala lija lafika dzulo: timipando, mabuku a zithunzi ndi ndalama za denga. Komiti yakumana ndipo yamanga izi: ana azilowa 7 koloko n'kuweruka 3 koloko, m'kalasi azilankhula Chingerezi chokha, yunifomu ndi ya aliyense, ndipo kholo lizisiyira mwana pageti osalowa mkati. Loweruka m'mawa tidzafotokozera makolo.

Msungichuma: Ntchito yabwino a komiti 👏

Aphunzitsi opuma: A Mlembi, pa anthu amene munakhala pansi kumanga zimenezi, ndi angati ali ndi mwana amene adzalowe sukuluyi?

Mlembi: Komiti mukuidziwa, aphunzitsi.

Aphunzitsi opuma: Ndikuidziwadi, n'chifukwa chake ndafunsa. Wamng'ono mwa inu nonse, chitsiriza chake chili ku sekondale. Pokumba maziko munaitana makolo, pokatunga madzi a omanga munaitana makolo. Pofika posankha nthawi imene mwana wa zaka 3 azidzuka, mwatsekera chitseko n'kukambirana nokhanokha.

Make mapasa: Ine ndimangowerenga pano, koma lero ndilankhuleko. Anga awiriwa ikakwana 12 koloko amagona pomwe ali. Mpaka 3 koloko azidzagona pati? Pa timipandoto?

Wapampando: Mayi, mafunso otere ndi a Loweruka. Tisasokoneze gulu.

Aphunzitsi opuma: Loweruka adzafunsa chiyani yunifomu mutaitanitsa kale? Bambo Wapampando, izi sindikuzipeka ine. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndime 18, likunena kuti udindo woyamba wolera mwana ndi wa makolo, boma ntchito yake n'kuwathandiza. Ndime 5 ikutchulanso achibale ena amene amalera mwana, kutanthauza kuti agogo amene akusunga zidzukulu nawonso ali ndi mawu. Ku America kuli ndondomeko ya ana aang'ono yotchedwa Head Start, inayamba mu 1965. Kumeneko khonsolo yoona za kayendetsedwe ka sukulu imayenera kukhala ndi makolo a ana amene akuphunzira panthawiyo osachepera 51 pa 100 aliwonse, ndipo bajeti ngakhale nkhani zolemba anthu ntchito zimadutsa m'manja mwawo. Ife pano tili ndi ziro.

Achimwene a kunja: Aphunzitsi mwayambapo. Chingerezi n'chimene makolo akufuna, funsani aliyense. Mwana akachiyamba msanga sadzavutika kutsogolo.

Aphunzitsi opuma: Mwawafunsa liti inu muli kutaliko? Mwina akufunadi. Akatero tiwamvere, koma atiuze okha, komanso auzidwe mtengo wake. Mwana amene akuphunzira kumene kulankhula, mukamuletsa chilankhulo cha kunyumba amangoti zii. Ndiye n'kumati ndi wofatsa.

Mlezi: Pepani akuluakulu, ndilowepo poti ana amenewa adzakhala m'manja mwanga. Kumene ndinkagwira kale kunali lamulo lomweli. Kamnyamata kena kanadzinyowetsera kataima pafupi ndi chitseko, chifukwa mawu opemphera kupita kuchimbudzi kankawadziwa a kunyumba okha, ndipo kankaopa kuwatchula. Mayi ake anandiuza mawuwo madzulo pageti. Akanaloledwa kulowa tsiku loyamba, akanandiuza m'mawa.

Mlezi: Koma aphunzitsi, musawayeretse kwambiri makolo. Alipo amene amabwera kudzandikalipira kuti mwana wa zaka 3 sanalembe chilichonse m'kope. Wina anandibweretsera chikwapu kuti ndizimukwapula mwana wake. Pamenepo ndimverenso?

Aphunzitsi opuma: Ayi, chikwapu mubweze. Zilipo zimene kholo silingalamule, monga kumenya mwana ndi zoika ana ena pachiswe, ndipo kaphunzitsidwe ndi ntchito yanu imene munaiphunzira. Koma nthawi yolowa ndi yoweruka, kugona masana, yunifomu, amene aloledwe kudzatenga mwana, zoyenera kuchita mwana akagwa khunyu kapena akabanika ndi mphumu, zimenezi wodziwa ndi kholo. Ndipo kholo lofuna zolembalo silisintha maganizo mukalitsekera panja. Lilowe, likhale pansi, lione mwana wake akusanja timitengo kuyambira kakafupi mpaka kakatali, mulifotokozere kuti masamu amayambira pomwepo.

Mmisiri: Musanapite patali. Ndalama za dengazo zalowa mu akaunti iti?

Msungichuma: Ya gulu. Funso lanji limenelo?

Mmisiri: Simenti ya mjigo ija inalowanso m'manja mwa gulu.

Msungichuma: Nkhani imeneyo inatha. Simenti inanyowa, aliyense akudziwa.

Mmisiri: Inanyowa mu Ogasiti?

Wapampando: Amuna inu, ulemu. Pano pali makolo athu.

Mmisiri: Kutsutsa galu n'kukumba, a Wapampando. Ajambule malisiti aike pano, ine ndipepesa pamaso pa onse.

Agogo: (uthenga wa mawu, walembedwa ndi mdzukulu) Ine ndikulera atatu. Yunifomu sindingathe, kaya ikhale yotchipa bwanji. Ngati n'choncho anga akhala pakhomo. Komanso wamng'onoyo salola munthu wachilendo, masiku oyamba ndimayenera kukhala pomwepo mpaka azolowere.

Aphunzitsi opuma: Mwamva? Ana atatu atuluka sukulu isanafoleredwe. Komiti ikanadziwa zimenezi ikanangofunsa. Ku Italy, nkhondo yachiwiri itangotha mu 1945, anthu a m'mudzi wa Villa Cella pafupi ndi Reggio Emilia anagulitsa kasinja wankhondo, mahatchi ndi magalimoto zimene asilikali anasiya, n'kumanga sukulu ya ana awo ndi njerwa za nyumba zophwasuka. Mphunzitsi Loris Malaguzzi anawapeza atayamba kale, n'kulowa nawo. Mpaka lero sukulu za kumeneko makolo amakhala nawo m'makhonsolo oziyendetsa, ndipo anthu amachoka maiko akutali kukaonera. Iwo anamanga, n'kupatsidwanso mpando. Athuwa angomanga.

Achimwene a kunja: Ife amene timatumiza ndalama tilibe mawu? Makolo amene mukuwanenawo msonkhano wapitawu anabwera angati?

Make mapasa: Munauika m'mawa pakati pa sabata. Ena tili pantchito nthawi imeneyo. Ndipo uthenga unangoikidwa pano, pomwe makolo ambiri pagulu pano palibe.

Aphunzitsi opuma: Ndipereke maganizo, mlembi alembe. Malamulo anayiwo aimitsidwe. Mipando yoposa theka m'komiti ya sukulu ipite kwa olera ana amene alembetsa, asankhane okha, azisintha ana awo akamatuluka. Mlezi akhale ndi banja lililonse payekha sukulu isanatsegulidwe, afunse zimene mwana amaopa, amadwala chiyani, amagona nthawi yanji. Osatha kubwera kumsonkhano atsatidwe kunyumba.

Wapampando: Aphunzitsi, opereka thandizo akufuna lipoti mwezi uno. Tikayamba kuyenda khomo ndi khomo tidzatsegula liti?

Aphunzitsi opuma: M'kalata yawo alembamo za Chingerezi ndi yunifomu? Ikeni pano tiwerenge.

Wapampando: Kalata ndi ya komiti.

Mmisiri: Ngati malisiti aja.

Msungichuma: Ine sindingamatukwanidwe ndi munthu amene zopereka za pamwezi anasiya kalekale. Ntchito iyi ndimagwira ulere.

Msungichuma watuluka pagulu.

Mlezi: Ndiye ine Lolemba ndiyambe kulemba maina kapena ndidikire?

Make mapasa: Ndipo Loweruka ukhale madzulo chonde.

Wapampando: Nthawi sisintha. Zotsala tikakambirana komweko.

Aphunzitsi opuma: Sindinamalize. Pali nkhani ya mlezi wachiwiri, amene tamva kuti wasankhidwa kale. Ndi mlamu wake wa ndani?

Mlembi walowetsanso Msungichuma pagulu.

Msungichuma: Wandibwezera pano ndani?