Kuphunzitsa za Samora Machel pasukulu ya m'malire

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Lachiwiri ndinayamba kuphunzitsa ana a Fomu 4 za Samora Machel, ndipo nditangolemba pabolodi kuti iyeyu anatsogolera Mozambique polandira ufulu pa 25 June 1975, mtsikana wina wokhala kumbuyo anaimika dzanja n'kunena kuti agogo ake safuna n'kumva komwe dzina limeneli, chifukwa a FRELIMO, chipani cha Samora, anawachotsa pamunda wawo ku Angónia m'chigawo cha Tete n'kukawaika m'mudzi wa boma. Mnyamata wina anamutsutsa kuti Samora anali ngwazi ndipo anaphedwa ndi Amalawi. Belu linalira ana akulozana zala. Ndatsala ndi mapiriyodi awiri, ndipo sindikufuna kuwanamiza kapena kunyoza agogo a mwana aliyense.

Mphunzitsi wa ku Mwanza:
Bambo, ine ndimagawa bolodi pawiri ndi choko, mbali ina womenyera ufulu, mbali ina wolamulira. Mbali yoyambayo musatayepo nthawi: anabadwa mu 1933 m'chigawo cha Gaza, anagwira ntchito ya unamwino ku Lourenço Marques (lero ndi Maputo), analowa FRELIMO ku Dar es Salaam mu 1963, ndipo anakhala mtsogoleri mu 1970, mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, Eduardo Mondlane, ataphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi chaka cha 1969.

Mbali yachiwiri ndi imene ikufuna piriyodi yathunthu. Boma lake linatenga sukulu ndi zipatala zonse kukhala za boma, ndipo katemera ndi sukulu za kwacha zinafika kumidzi imene Apwitikizi anainyalanyaza. Mu 1977 chipanicho chinalengeza kuti chikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Koma boma lomwelo linachotsa mafumu powanena kuti ankatumikira atsamunda, linasonkhanitsa alimi m'midzi ya pamodzi kutali ndi minda ndi manda a makolo awo, linatsekera otsutsa m'misasa ya ku Niassa, ndipo mu 1983 linakoka anthu osagwira ntchito m'mizinda kuwatumiza kumpoto. Choncho mtsikanayo mumuuze poyera, anzake akumva, kuti zimene agogo ake akunena zinachitikadi. Mukatero mufotokozenso kuti RENAMO, gulu la zigawenga lolimbana ndi boma la Samora, inakula ndi thandizo la Rhodesia, kenako la South Africa ya tsankho, ndi kuti inatentha sukulu ndi zipatala zomwezo, mpaka anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno kwathu.

Mphunzitsi wa ku Nsanje:
Mayi a ku Mwanza afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za imfayo, chifukwa ndi pamene mphunzitsi angaterereke. Mnyamatayo sanaitole kutchire nkhaniyi. Mu September 1986 Samora, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anakumana ndi Dr Kamuzu Banda ku Blantyre n'kudzudzula Malawi kuti akuthandiza RENAMO, ndipo Samora anaopseza kuti atseka malire ndi kuikapo mizinga. Pa 19 October chaka chomwecho ndege yake ya mtundu wa Tupolev, pochokera ku Mbala ku Zambia, inagwa ku Mbuzini m'dziko la South Africa, ndipo anthu 35 anafa. Bungwe la Margo, lomwe South Africa inakhazikitsa kuti lifufuze ngoziyo, linati oyendetsa ndege ndiwo analakwitsa, pamene akatswiri a Soviet Union anati ndegeyo inasocheretsedwa ndi chizindikiro chabodza cha wailesi. Lembani mayankho awiriwa pabolodi, aliyense ndi mwini wake, kenako mufunse mnyamatayo kuti umboni wokhudza Malawi uli pati. Adzaona yekha kuti mkangano wa ku Blantyre unautsa chikayikiro, koma chikayikiro si umboni.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Zikomo kwambiri nonse. Lolemba nditenga za ulamuliro, Lachinayi za Mbuzini. Mtsikanayo ndayankhula naye lero pa nthawi yopuma, ndipo wavomera kukafunsa agogo ake ngati angalole kuti zimene anaona ku Angónia ziwerengedwe m'kalasi popanda kutchula dzina lawo. Amene ali ndi mapu oonetsa bwino Tete, Niassa ndi Gaza anditumizireko Lamlungu lisanafike, chifukwa athu ang'ambika mbali ya kum'mwera.