Thandizeni abale, kit ya ndege ya Harpoon ndingaipeze bwanji kuno ku Tete?

Moni nonse a pagulu. Ine ndili ku Ulongwe kuno ku Angónia, ndili ndi kafunso kachilendo pang'ono nde musandiseke chonde. Ndili mwana ndinkapanga magalimoto a mawaya ngati wina aliyense, pano ndakula koma matenda aja sanathe anangosintha mtundu, ndimalumikiza tindege ta pulasitiki timene timabwera m'katoni tili tizidutswatizidutswa (amati kit), umadula wekha, kumata ndi guluu, kupenta mpaka kuika zizindikiro. Ndinayamba ndi Spitfire ya kampani ya Airfix ya 1/72 (kutanthauza yochepa ka 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni) imene malume anandibweretsera kuchoka ku Joni, kenako Lancaster, basi chizolowezi chinalowa m'magazi.

Chikundiwawa ndi ichi, paliponse ndikafufuza amangogulitsa zomwezomwezo, Spitfire, B-17, Lancaster, Stuka, ngati nkhondo inangomenyedwa kumwamba kwa London kokha. Ine ndikufuna ndege zimene zinaulukako kwathu kuno. Agogo anga aamuna asanatisiye ankakonda kusimba za nkhondo ya Frelimo ndi Apwitikizi imene inalowa mwamphamvu m'chigawo chathu chino mu 1968, amati kunkadutsa chindege cha mainjini awiri ndi michira iwiri, chikamveka kulira anthu amasiya makasu m'munda nkuthawira pansi pa mitengo. Nditafufuza ndinaona kuti mwina ndi Lockheed PV-2 Harpoon, ndege ya ku America ya nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse imene Apwitikizi anailandira m'zaka za m'ma 1950, anaponya nayo mabomba ku Angola mu 1961 ndipo zina zinabwera kuno nkumakhala ku Beira.

Nde funso langa, alipo anaionapo kit yake? Ndingaitanitse bwanji kuti ifike kuno yosaphwanyika, poti chaka chatha ndinaitanitsa kandege kena katoni inafika ngati yakhalidwa ndi munthu m'chapa, galasi la kutsogolo litasweka, ndalama zanga zinangopita madzi. Ndipo ikasowa, nditha kugula Ventura, ndege ina ya Lockheed yofanana nayo, nkuisandutsa Harpoon?

Mkulu wina wa ku Moatize:
Achimwene ilipo, kampani ya ku Czech yotchedwa Special Hobby inatulutsa Harpoon ya 1/72. Koma ndikuchenjezeni, si ngati Airfix imene mwazolowera ija yoti chidutswa chimangolowa chokha. Makit amenewa amapanga ochepa, tizidutswa tambiri tilibe timisomali tolozera pomata, umayesa kaye osamata, kupala ndi sandipepa, kuyesanso, ndipo tina ndi ta resin, pulasitiki wa mtundu wina, toti guluu wamba sagwira mpaka supagulu. Mukathamanga phiko limodzi lidzayang'ana ku Dedza lina ku Zumbo.

Wina wa ku Furancungo:
Dikirani kaye musanataye ndalama. Michira iwiriyo agogo anati inali yotani? Chifukwa Apwitikizi analinso ndi Noratlas, nayonso mainjini awiri, koma iyo michira yake ndi mipanda iwiri yaitali yochoka kumbuyo kwa mainjini, thupi lili pakati ngati nkhokwe. Imeneyo siinali ya mabomba kwenikweni, inkanyamula asilikali, katundu ndi a parachuti. Harpoon thupi ndi limodzi, kumapeto kokha ndi kumene kuli timbale tiwiri toimirira. Munthu ali pansi akuthawa angasiyanitse zimenezo? Ngati inali Noratlas muli ndi mwayi poti kampani ya Heller inapanga ya 1/72.

Wofunsa:
Eeh akulu mwandizunguza mutu tsopano kkkk. Agogo ankangoti michira iwiri basi, ndipo kowafunsa kulibenso. Ndifunsa azakhali ku Domue, iwo anali atsikana nthawi imeneyo. Koma mtima wanga uli pa Harpoon ndithu, mwina ndidzapanga zonse ziwiri.

Mkulu wa ku Moatize uja:
Za kusandutsa Ventura zo ziiwaleni. Ndi pachibale inde, koma mapiko a Ventura ndi pafupifupi mamita 20 pomwe a Harpoon ndi pafupifupi 23, mchira wa Harpoon ndi waukulu komanso mimba yosungira mabomba ndi yotupa. Ndiye kuti mapiko, mchira ndi mimba zonse mukonze nokha, chotsala cha Ventura nchiyani pamenepo? Konzaninso poiyika, pa 1/72 mapiko ake amakwana masentimita 32, sikandege kobisa pawindo. Zizindikiro onetsetsani musanalipire kuti m'katonimo muli za Portugal, mtanda wofiira uja wa Cruz de Cristo pa bwalo loyera, apo ayi mudzapeza nyenyezi za America zokhazokha.

Mayi wina wa ku Tete mtauni:
Pepani ine ndiyankhula zosiyana. Ndege zimenezi zinapha abale athu. Wiriyamu ili pafupi pompano, pa 16 Disembala 1972 anthu mazanamazana anaphedwa, mpaka António Costa, yemwe anali nduna yaikulu ya Portugal, anachita kupepesa mu 2022. Amayi anga mpaka lero akamva ndege ikudutsa m'munsi amasiya kudya. Inu nkumapenta bwinobwino kuika pa shelefu ngati duwa, zimenezi zikundivuta kumvetsa.

Wofunsa:
Amayi ndakumvani ndipo simukulakwa. Ifenso banja lathu linathawirapo ku Malawi. Ine sindikuyamikira amene ankaponya mabomba ayi, koma ana a mlongo wanga amadziwa Spitfire chifukwa cha magemu a pa foni, chimene chinathamangitsa agogo awo m'munda sachidziwa ngakhale maonekedwe. Ndikufuna ndiziwaonetsa kuti ndi ichi. Kunyumba kwa azakhali kokha sindingapite nacho, zimenezo ndikudziwa.

Mnyamata wina wa ku Zobue:
Man ngati ndi za Tete zenizeni bwanji osayamba ndi zosavuta kupeza? Pa Chingodzi pompa, pomwe pali bwalo la ndege lero, panali beze ya Apwitikizi ndipo pankakhala ma Fiat G.91, komanso T-6 Texan yophunzitsira ija anaimangirira mfuti ndi maroketi. Zimenezi makit ake ndi ambirimbiri. Palinso Canberra imene a Rhodesia anaphulitsa nayo Chimoio ndi Tembue mu Novembala 1977, Airfix ili nayo. Za katundu ine ndimatuma madalaiva a mathiraki ochoka ku Joni odutsa pa Cuchamano, umamupatsa ya fanta nkumuuza kuti katoni ikhale m'kabini osati kumbuyo, ndipo wogulitsayo aikemo katoni m'katoni inzake. Ku alfandega (kasitomu) nenani kuti ndi chidole cha pulasitiki, mukangoti bomber mudzafotokoza mpaka dzuwa kulowa kkkk.

Mkulu wa ku Furancungo uja:
Mwandiyambitsa tsopano. Ine chikhumbo changa ndi ndege zoiwalika zimene zinamenya nkhondo mu Africa muno mu 1940 ndi 1941 ku Ethiopia ndi Somalia. A South Africa anatenga ma Junkers Ju 86 onyamula anthu a kampani yawo ya ndege nkuwasandutsa oponya mabomba, tangoganizani ndege ya ku Germany kumenya Italy, bwenzi la Germany yemweyo. Palinso Vickers Wellesley ya injini imodzi koma mapiko ataliatali, imene mu 1938 inauluka kuchoka ku Ismailia ku Egypt mpaka Darwin ku Australia osatera. Kampani ya Matchbox inapangapo kit yake kalekale, yanga ndinaisiya pa dashibodi nditaimika galimoto ku Tete mu Okutobala, pobwera mapiko atagwa ngati masamba a fodya. Inu a ku Ulongwe kozizira muli bwino, koma podutsa nayo mtauni musaisiye m'galimoto.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi T-6 kuti dzanja lizolowere penti ya siliva, uku ndikusaka Harpoon. A ku Zobue ndilembereni ku inbox za dalaiva uja, komanso alipo akudziwa ngati supagulu wa m'maloja mwathumu amagwira resin kapena nayenso ndiitanitse?