Gulu la Banja: Mwana Wathuyu Akukana Kudya

Make mwana: Mwaswera bwanji nonse. Kuyambira Lolemba mwanayu aziswera m'manja osiyanasiyana: Lolemba ndi Lachiwiri kwa agogo ake, Lachitatu ndi Lachinayi kwa mayi ake aang'ono, Lachisanu kwa azakhali ake. Nkhani ndi ya kudya. Ali ndi chaka ndi miyezi 8 koma cholimba chilichonse amangolavula. Phala masupuni awiri atatu, basi watembenuza nkhope. Tigwirizane chimodzi, asamakapeze malamulo ena nyumba iliyonse.

Azakhali: Alamu, zomwe akukanazo zidikire kaye. Tiuzeni zomwe akumwa. Mkaka mabotolo angati pa tsiku, aakulu bwanji, nthawi zanji?

Make mwana: Anayi a 250 ml. Akangodzuka, cha m'ma 10, masana asanagone, ndi madzulo pogona. Masiku ena lina pakati pa usiku. Kuyamwa anasiya. Akalira timamupatsanso juwisi kapena bisiketi.

Azakhali: Ndiyetu lita yathunthu imeneyo, mwinanso kupitirira. Lita ya mkaka wa ng'ombe ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) oposa 600, pomwe mwana wa msinkhu uwu amafuna pafupifupi 900 mpaka 1,000 tsiku lonse. Onjezani juwisi ndi mabisiketiwo, njala ichokera kuti? Mwanayu ndi wokhuta. Mkaka tiutsitse, usamapitirire 500 ml pa tsiku.

Agogo: Koma ana inu, mwana sakudya, ndiye mukuti timulande ndi mkaka womwe ukumusungawo?

Mayi aakulu: Sitikumulanda amayi, tikungochepetsa. Mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi (amene amathandiza kupanga magazi) wochepa kwambiri, ndipo ukachuluka umasokoneza thupi kuti lisatenge bwino ayironi wa m'zakudya zina. Mwana amaoneka wonenepa ndithu koma magazi akuchepa, ndipo kuchepa kwa magaziko kumaphanso chilakolako cha chakudya. Akamakana kudya ife n'kumawonjezera mkaka, ndiye kuti vutolo tikulikulitsa tokha.

Mayi aakulu: China choti mtima ukhale m'malo: chaka choyamba mwana amalemera katatu kuposa mmene anabadwira, koma chaka chachiwiri amangowonjezera makilogalamu awiri kapena atatu chaka chonse. Thupi silikufunanso zambiri ngati kale. Kukayikira zakudya zachilendo nakonso kumayamba msinkhu womwewu.

Bambo ake: Ndiye mabotolowo tiwachotse onse Lolemba?

Azakhali: Ayi achimwene, mungavutane naye usiku wonse. Loyamba kuchoka ndi la m'ma 10, chifukwa ndi limene likupha chakudya cha masana. Limenelo lichoke Lolemba. La m'mawa lisamuke, aziyamba wadya kenako mkaka 150 ml m'kapu. La masana chimodzimodzi, 150 ml atatha kudya. La madzulo muzichepetsa 30 ml masiku awiri aliwonse mpaka litsale 150 ml, amwe asanatsukidwe mano, osati atagona kale. La pakati pa usiku muzichepetsanso choncho mpaka lithe, akadzuka azipeza madzi. Mkaka wokhalira m'kamwa usiku umaboola mano akutsogolo.

Amalume: Makapu aang'ono opanda nsonga ya botolo ndigula atatu ofanana, nyumba iliyonse yake. Muzithira pang'ono, chala chimodzi kapena ziwiri kuchokera pansi, chifukwa masiku oyamba ambiri azithera pa malaya.

Mayi aang'ono: Achemwali, nthawi zodyera zikhale ziti? Ndikufuna ndizilembe ndimate pakhoma.

Mayi aakulu: Lemba: 7 koloko chakudya cha m'mawa, 9:30 kokhwasula, 12 koloko cha masana, 3 koloko kokhwasula akadzuka, 6 koloko cha madzulo. Pakati pa nthawi zimenezi madzi okha. Maola awiri ndi theka kapena atatu amenewo ndi amene amabweretsa njala. Bisiketi imodzi ya 11:30 ndi yokwanira kuwononga chakudya chonse cha 12 koloko. Juwisi tingomusiyitsa, koma ngati mwamupatsa asapitirire 120 ml pa tsiku, ndipo akhale wa pa chakudya. Tiyi ayi, amatsekereza ayironi.

Agogo: Nanga akakana cha 12 koloko, ndizingomuyang'ana akulira mpaka 3 koloko?

Mayi aakulu: Amayi, pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ife akuluakulu tisankhe chakudya, nthawi ndi malo. Iye asankhe ngati adye ndi kuchuluka kwake. Mwamuikira, mwakhala naye, pakatha mphindi 20, zikavuta 30, mwachotsa mbale osakalipa, osanyengerera. Akalira njala mumuuze kuti chakudya chikubwera, mumupatse madzi, mumutulutse akasewere. Mukhoza kufulumizitsa kokhwasulako ndi theka la ola, koma musamuphikire china pompo. Akangozindikira kuti akakana mpunga kumabwera bisiketi, mpunga sadzaudyanso. Mwana wathanzi akaphonya chakudya chimodzi sadwala, amabwezera pa chotsatira.

Azakhali: Ndipo kumugwira manja, kumutsina mphuno kuti atsegule pakamwa, kapena kumuthamangitsa ndi supuni bwalo lonse, zimenezo tisiye tonse. Akulira chakudya chikhoza kulowa njira ya mpweya. Komanso amayamba kuopa mbale isanafike n'komwe.

Bambo ake: Foni ndi imene imathandiza. Akamaonera zidole amangotsegula pakamwa.

Azakhali: Amatsegula koma sakudziwa kuti akudya. Saphunzira kutafuna, samva kukhuta, ndipo tsiku lomwe foni yathera moto sadya. Pa nthawi ya chakudya foni ndi TV zizizima. Munthu wamkulu azidya naye chakudya chomwecho akuona. Ana amatengera pakamwa pa wina kuposa mawu.

Mayi aang'ono: Muyezo wake bwanji? Ndidzaze mbale?

Mayi aakulu: Usadzaze. Kamimba kake n'kakang'ono. Mbale yodzaza imamugwetsa ulesi asanayambe. Yamba ndi supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri za chakudya chilichonse, mitundu itatu pa mbale, akamaliza uwonjezere. Komwe tikupita ndi muyezo wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, wa ana a miyezi 12 mpaka 23: kudya katatu kapena kanayi pa tsiku, tokhwasula kamodzi kapena kawiri, ndipo chakudya chilichonse chikwane magawo atatu mwa anayi a kapu ya 250 ml mpaka kapu yodzaza. Sabata yoyamba safikako, usadandaule.

Mayi aakulu: Pa mitundu itatuyo, umodzi uzikhala womwe amadya kale. Amalandira chiyani panopa?

Make mwana: Nthochi, phala, yogati, nthawi zina buledi.

Mayi aakulu: Zonsezo zofewa, ndiye kutafunako akufunika kuzolowera pang'onopang'ono. Phala likhale lolimba, loti ukapendeketsa supuni silikuyenderera. Lamadzimadzi limadzaza mimba popanda mphamvu. Muzithiramo supuni yaing'ono ya mafuta ophikira kapena ya chiponde chosalala, kapena kumenyeramo dzira likadali pamoto mpaka lipse. Zosefa ndi zopera m'makina tisiye, tizinyenya ndi foloko kuti tizibulu tizitsala. Pambali pake muziika zoti agwire yekha: mbatata yophika yodula ngati chala, dzira lophika lodula panayi, peyala, karoti wophika mpaka woti ukamufinya ndi zala ziwiri aphwanyike. Adzipaka, amwaza, zina azinunkhiza n'kutaya. Kumeneko ndi kuphunzira komwe, musamupukute pakamwa supuni iliyonse.

Azakhali: Chakudya chatsopano mwana amatha kuchiona ka 10 mpaka ka 15 asanachilandire. Ambiri timasiya kachitatu n'kunena kuti sachikonda. Muzingoikabe kachidutswa pambali, osanena kanthu. Ndipo tsiku lililonse pakhale cha ayironi: nyama yogaya kapena yonyenya bwino, nsomba yochotsa minga yonse, nyemba zonyenya, masamba obiriwira. Chiwindi kamodzi pa sabata basi, chili ndi vitamini A wambiri. Nyemba ndi masamba muziperekeza ndi lalanje kapena tomato, vitamini C amathandiza ayironiyo kulowa m'thupi. Mchere pang'ono kwambiri, usafike magalamu 2 tsiku lonse, ndiye mupatuleni chake musanathire. Shuga musathire.

Amalume: Bwanji ndingogulako mankhwala aja opatsa njala? Anthu amawatama.

Azakhali: Chonde musagule alamu. Ambiri mwa iwo ali ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo omwe amagonetsa, ndipo sayenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 2. Ngakhale mankhwala owonjezera magazi, ayambe ayezedwa kuchipatala. Ayironi akachuluka ndi poizoni kwa mwana.

Agogo: Ine mantha anga ndi kutsamwa. Zodulazi sizimukhala pakhosi?

Azakhali: Mwafunsa bwino amayi. Azidya atakhala tsonga, mapazi ataponda penapake, wamkulu ali pomwepo. Asadye akuyenda, akuseka kwambiri kapena ali m'galimoto. Mtedza wathunthu, mbuliwuli ndi maswiti olimba ayi mpaka zaka 5. Mphesa ndi tomato wamng'ono muzidula panayi m'litali, soseji nayenso m'litali osati timawilo. Karoti ndi apulo waiwisi muzipala kapena kuphika.

Azakhali: Musiyanitsenso ziwiri izi. Akachita ngati akufuna kusanza, lilime latuluka, nkhope yafiira, akutsokomola mokweza, ndiye kuti mpweya ukudutsa. Musiyeni atsokomole, musapise chala m'kamwa, mungachikankhire mkati. Zimenezi zichitika kangapo pamene akuphunzira zolimba. Kutsamwa kwenikweni kulibe phokoso: satha kulira, satha kutsokomola, milomo imayamba kuda. Pamenepo mugonekeni chafufumimba pantchafu panu mutu utatsika, mumumenye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa. Chikapanda kutuluka, gwadani kumbuyo kwake, ikani chibakera pakati pa mchombo ndi fupa la pachifuwa, kokerani mkati ndi m'mwamba kasanu. Muzisinthasintha choncho wina akuitana thandizo. Ngati mwafika pokankha pamimbapo, apite kuchipatala ngakhale chitatuluka.

Make mwana: Ndawerenga kawiri. Koma tidziwa bwanji kuti si matenda?

Mayi aakulu: Yamba wayang'ana m'kamwa. Mano akumbuyo amamera msinkhu uno, usinini ukatupa amakana zolimba masiku angapo. Ona ngati muli zilonda kapena zoyera pa lilime. Chimbudzi nachonso: akamachita cholimba, mobanika, kapena patadutsa masiku atatu, kudzimbidwako kumatseka njala, ndipo mkaka wambiri umathandizira zimenezo. Zoti tisadikire nazo ndi izi: sikelo kutsika kapena kuima miyezi iwiri itatu, mkati mwa zikope ndi zikhatho kuyera, mapazi kutupa, kufooka, kusanza kapena kutsegula m'mimba kosatha, kutsokomola ndi kutsamwa pafupifupi chakudya chilichonse ngakhale madzi, kapena kusiya ndi zomwe ankadya kale. Akapita maola 8 osakodza, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Azakhali: Lachisanu ali kwa ine, ndipita naye ku sikelo. Ndikapempha amuyeze magazi ndi mkono, tepi ija yokulunga pamkono isatsike pa masentimita 12.5, ndikafunsanso za mankhwala a njoka za m'mimba. Alamu, buku lake la kuchipatala muliike m'chikwama Lachinayi madzulo.

Bambo ake: M'chikwamamo ndiikamonso kope. Aliyense azilemba nthawi, chomwe waika, chomwe wadya, mkaka ma ml angati, ndi chimbudzi. Tiziwerenga za sabata yonse pamodzi Lamulungu, chifukwa tsiku limodzi limanamiza.

Mayi aang'ono: Zotsala m'mbale yake ndizisunga za 3 koloko?

Mayi aakulu: Zomwe supuni yake yalowamo taya. Zotsala mumphika zisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo potenthetsa zitenthe mpaka mkati, uziziziritse usanamupatse.

Agogo: Chabwino, ndamva. Mabisiketi ndiwabisa pamwamba. Koma agogo ake aamuna sali pa gulu pano, ndipo ndi amene amayenda ndi maswiti m'thumba. Wina awaimbire.

Amalume: Ndiwaimbira madzulo ano. Makapu ndibweretsa Loweruka, pamodzi ndi kampando kotsika koti aziponda.