Abwana aitana ofufuza mizukwa kuntchito kwathu: kodi ndivomere kuonekera pa kamera?

Wofunsa (dzina labisidwa):

Ndakupatsani moni nonse akuluakulu a pa gulu lino, ndipo oyang'anira gulu chonde mundibisire dzina, chifukwa ena mwa anzanga a kuntchito ali pomwe pano. Ndine bambo wa zaka 34 wochokera ku Ntcheu, ndipo ndakhala ku Cape Town zaka 6. Ndimaperekera zakudya mu lesitilanti ina yomwe ili m'nyumba yakale kwambiri, ya zipupa zochindikala ndi pansi pa matabwa, ndipo masiku atatu pa sabata wotseka zitseko ndimakhala ine.

Usiku wina mu Januwale, alendo onse atapita, ndinali ndekha ndikupukuta matambula m'kanjira kopapatiza ka pakati pa khitchini ndi modyera. Mwadzidzidzi thupi linachita tsembwe, ndinamva ngati munthu waima kumbuyo kwanga, ndipo chakumbali kwa diso lamanzere ndinaona chinthu chotuwa, chotalika ngati munthu wamkazi, koma nditacheuka panalibe kanthu. Nsalu yopukutira ndinaisiya pomwepo, ndipo kiyi anandivuta kulowetsa pachitseko chifukwa cha kunjenjemera. Zimenezi zachitikanso kawiri pamalo omwewo, ndipo mnzanga wa ku Zimbabwe wotsuka mbale akuti iyenso akakhalitsa pamenepo mutu umamulemera.

Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinauza abwana. M'malo modandaula, iwo anakondwera ngati atola ndalama pamsewu. Anandifotokozera za nyumba ya Kronendal ku Hout Bay, komwe anthu amati kumaoneka mzimu wa mtsikana wotchedwa Elsa Cloete, amene bambo ake anamukaniza kukwatiwa ndi msilikali wa ku Britain m'zaka za m'ma 1800, mpaka msilikaliyo anadzimangirira pamtengo ndipo mtsikanayo anafa ndi chisoni. Lesitilanti ya Kitima, yomwe inali m'nyumbayo, inatchuka chifukwa ogwira ntchito ankayala tebulo la awiriwo usiku uliwonse, ndipo abwana akuti nafenso tikhoza kukoka alendo chimodzimodzi. Tsopano aitana gulu la azungu ofufuza mizukwa kuti lidzagone muno Loweruka likubwerali ndi makamera ndi timakina tawo, ndipo akufuna ine ndidzaime m'kanjira kaja, ndifotokoze zomwe ndinaona, kenako ndidzakhale nawo pamene akufunsa mzimuwo kuti uyankhe. Andilonjeza R500 yapadera.

Ine mutu waima. Ndine membala wa mpingo wa CCAP, ndipo kanemayo akafika pa YouTube kapena pa Facebook, mayi anga ndi akulu a mpingo kwathu adzamuona ndithu. Ndikakana, ndikuopa kuti andichepetsera masiku, ndipo nonse mukudziwa mmene ntchito imavutira kuno kwa ife obwera. Ndithandizeni maganizo.

Mayi wina wa chigwirizano, Blantyre:

Mwana wanga, kuona chinthu sunachifune si tchimo, koma kuima dala n'kumaitana akufa kuti ayankhule ndi nkhani ina. Kawerenge Deuteronomo 18, ndiponso 1 Samueli 28, pamene mfumu Sauli inapita kwa mkazi wa ku Endori kuti aidzutsire Samueli, uone mmene zinathera. Ngakhale makolo athu, amene ankathira nsembe pansi pa mtengo wa msolo, sankaitana mizimu mwachisawawa, ndipo kunali kosatheka kuitana mzimu wa mtundu wa eni pofuna kusangalatsa alendo. Zitseko ukawatsegulire, popeza ndiyo ntchito yako, koma pa mwambo wawowo usakhalepo.

Bambo wokonza zamagetsi, Johannesburg:

Achimwene, zauzimu ndizisiyira amayi ayankha pamwambawa, koma ine chandigwira mtima ndi malo amene mwatchulawo, kanjira kopapatiza koyandikana ndi khitchini. Ndikufunseni: kodi nthawi imene mumaona chinthucho, fani yaikulu yokoka utsi pamwamba pa mbaula imakhala ikuzungulirabe? Ndikufunsa chifukwa mu 1998 injiniya wina wa ku England, Vic Tandy, amene ankaphunzitsa pa Coventry University, analemba za chipinda chomwe ankagwiramo ntchito, mmene anthu ankamva mantha opanda chifukwa, ndipo iye mwini anaona chinthu chotuwa chakumbali kwa diso, monga mwafotokozera inumu. Atafufuza anapeza kuti fani yatsopano inkatulutsa kunjenjemera kwa mpweya kwa pafupifupi 19 Hz (ndiye kuti maulendo 19 pa sekondi imodzi), komwe khutu la munthu silimva bwino chifukwa ife timayamba kumva cha pa 20 Hz. Atakonza faniyo, zoopsazo zinatha. Si akatswiri onse amene amavomereza kuti zimenezi zimafotokoza mizukwa yonse, koma kuyesa sikulira ndalama: zimitsani faniyo, muime pamalo omwewo mphindi 15, muone ngati thupi lichitenso tsembwe.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi mutu wa mnzanu uja. Mbaula ya gasi ikamayaka moperewera mpweya imatulutsa carbon monoxide, mpweya woipa womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mawindo mwezi wa Juni. Ulibe fungo kapena mtundu, umalemeretsa mutu, umachititsa chizungulire, ndipo ena amafika poona ndi kumva zinthu zomwe palibe. Kachipangizo kochenjeza za mpweya umenewu kamagulitsidwa m'masitolo a zomangira, ndipo mtengo wake sufanana ndi moyo wa munthu. Kunena za timakina ta ofufuzawo, kamene amakonda kwambiri ndi kotchedwa EMF meter, ndipo ife timakadziwa bwino: kamayeza mphamvu yotuluka m'mawaya ndi m'makina a magetsi, moti m'nyumba yakale ya mawaya otha, pafupi ndi mafiriji, kadzawala usiku wonse popanda mzukwa ndi mmodzi yemwe.

Mphunzitsi wopuma pantchito, Lilongwe:

Ine ndingokukumbutsani kuti nkhani ya mizukwa ikatuluka siibwereranso m'thumba. Mu Marichi 2005 kunamveka mbiri yakuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wasamuka m'nyumba ya boma ya ku Lilongwe, ija ya zipinda pafupifupi 300 yomwe anamangitsa Kamuzu Banda, chifukwa cha mizukwa. Mwiniwakeyo anakana kwamtuwagalu, atolankhani ena anamangidwa, koma mpaka lero anthu amaikambabe. Ngati mtsogoleri wa dziko analephera kuifufuta, inu mudzafufuta bwanji nkhope yanu pa intaneti? Ganiziraninso za mapepala anu okhalira m'dzikomo musanaime kutsogolo kwa kamera ya munthu aliyense.

Mlongo wina woperekera zakudya, Cape Town:

Alongo anga, ine sindikuona choopsa chachikulu. Azungu kuno amalipira ndalama kuti akaone malo otere, ngakhale ku Castle of Good Hope, linga lija linamangidwa pakati pa 1666 ndi 1679, nkhani za mizukwa ndi zina mwa zokopa alendo. Kwa iwo ndi zosangalatsa chabe. Komabe ngati muvomera, R500 ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi phindu lomwe abwanawo akuyembekezera, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuti nkhope yanu aibise ndiponso dzina lanu lisatchulidwe. Zimenezi zilembedwe musanayambe, osati zongolonjezana pakamwa.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu amayi ndi inu achimwene a zamagetsi. Dzulo potseka ndinachita zimene munandiuza. Fani ija ndimaizimitsa pomalizira penipeni, choncho maulendo atatu onse aja inali ikuzungulira, ndipo nditaizimitsa ndinaima m'kanjira muja mphindi 15, mtima uli m'mwamba, koma sindinaone kanthu kupatula kumva mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikugwedeza mawindo monga imachitira nyengo ino. Usiku umodzi sungandikhutiritse, ndiye ndiyesanso mawa.

Lero m'mawa ndawauza abwana kuti Loweruka ndidzatsegulira alendo awo, ndidzawaonetsa pamalopo kamera isanayatsidwe, kenako ndidzapita kunyumba. Nkhope anaikwinya, koma nditatchula za gasi ndi mutu wa mnzanga uja anakhala chete kanthawi, kenako anati aitana wodziwa za mbaula Lachinayi. Za masiku anga a ntchito sananenepo kanthu, ndipo ndandanda ya sabata yamawa ituluka Lamlungu.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo ndikufunsa inu achimwene: ofufuzawo akadzafika, kodi ndiwauze za faniyo, kapena ndingowasiya adzipezere okha? Ndikuopa kuti ndikawauza, abwana adzati ndawathamangitsira mzukwa wawo.