Ndithandizeni: chinamuwononga Kane n'chiyani?

Anzanga okonda mafilimu akale, ndikupempha nzeru zanu pa Citizen Kane, filimu ya Orson Welles ya mu 1941.

Pamene pamandikhudza kwambiri ndi pomwe Charles Kane, mwini nkhani mufilimuyi, ali mwana, akusewera pa chipale chofewa panja pa nyumba yawo ku Colorado. M'nyumbamo amayi ake akusaina mapepala omupereka kwa Thatcher, mkulu wa kubanki, kuti akamulere. Mwanayo tikumuona pazenera akufuula mosangalala, sakudziwa kuti moyo wake ukusinthidwa patebulo. Atauzidwa, akumukankha Thatcher ndi kangolo kake kotsetserekera pachipale.

Atakula ali ndi manyuzipepala komanso chinyumba cha Xanadu, koma maukwati ake onse awiri akusokonekera. Kane akumuumiriza Susan, mkazi wake wachiwiri, kuyimba opera (sewero loyimba) pomwe mawu a Susan sakulola, mpaka mkaziyo akumuthawa.

Ine ndimaona kuti bala lake ndi kulekanitsidwa ndi amayi ake: amafuna kukondedwa ndi aliyense, koma iye kukonda sadziwa. Mnzanga wina akukana, akuti ndi chuma chomwe chinamupotoza. Inu mukuona bwanji? Nanga amayiwo tiwaweruze bwanji, popeza akuoneka kuti akumuteteza kwa bambo ake omwe amafuna kumumenya?

Ndikufunanso mayina a mafilimu ena akale pomwe mwana wotaya kholo akukula n'kumakwanitsa kukonda bwino. The Kid ya Charlie Chaplin ya mu 1921 ndinaiona kale, koma imatha mwanayo adakali wamng'ono.