Kuyimba gitala ya besi pa shoo bala la opaleshoni lisanapole bwinobwino

Akuluakulu oyimba muli muno ndithandizeni nzeru. Ndinachitidwa opaleshoni ya hernia posachedwapa, ulusi anachotsa koma adokotala anandiuza kuti ndisanyamule cholemera mpaka patadutsa masabata 6, nde vuto ndi loti bandi yathu ili ndi ukwati ku Zomba nthawiyo isanakwane ndipo woyimba besi wina tilibe, ndalama yake ndikuyifunanso kwambiri.

Besi yangayi ndi ya zingwe 5, imalemera makilogalamu oposa 4, ndikaikoleka ndi lamba thupi lake limafika pamimba pomwe pali balapo. Ndayesa kunyumba nditakhala pansi, zala zikuyenda bwinobwino koma ndikangowerama kuti ndilumikize chingwe cha ku ampu (makina okuzira mawu) ndikumva kukoka mkatimu.

Alipo anayimbapo shoo yonse atakhala pampando? Kapena kufupikitsa lamba kuti besi ikwere pachifuwa kumathandiza? Za ampu ndi masipika anyamata avomera kundinyamulira, chomwe chikundiopsa ndi kuyimirira nthawi yayitali ija ya perekaniperekani komanso mabampu a minibasi. Amene munadutsamo, munayambanso kuyimba patapita nthawi yayitali bwanji? Ndifunsanso kuchipatala koma ndikufuna ndimve kaye za inu.